Botolo Limene Sanatunge Okha

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1962, woyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mzime, mlongo wawo wamng'ono, malume wa ana atatu akhala kutsogolokuwa. Abusa, akuluakulu a mpingo, anzawo a kuntchito, anansi ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ndipemphe kuti mundipirire. Pepala limene banja linakonza lili ndi masamba awiri, ndipo ndikanaliwerenga monga lalembedwera bwenzi titatha m'mphindi zisanu. Koma pepalali lalumpha chaka cha 2009, ndipo ambiri mukudziwa chifukwa chake. Mukudziwanso dzina limene malemu akhala akutchedwa kuseri kwa zaka khumi ndi zisanu, loti aNafungo, mayi amene ananunkhitsa tauni yonse chifukwa cha ulesi pa ntchito. Dzina limenelo si lawo, ndipo sindikufuna kuti alowe nalo m'manda. Mbiriyi ndiiyenda mwa dongosolo lake, koma tikafika pa chaka chimenecho sindilumpha.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1969 ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale mu 1977. Bambo athu, amene anali dalaivala wa lole, anatisiya mu 1979 malemu ali Fomu 3. Achibale ena anati mtsikana wamkulu abwere kunyumba adzathandize amayi, koma amayi anakana kwamtuwagalu. Malemu anamaliza mu 1981 atakhoza bwino masamu ndi sayansi, kenako anachita maphunziro a zaka ziwiri a ntchito ya m'labotale. Kuyambira ali wamng'ono sankakhulupirira chinthu chimene sanachiyeze. Shuga wa mu tiyi ankasalaza pa supuni ndi mpeni, ndipo ife ang'onoang'ono tinkadana nalo tsiku limene iwo ali ndi udindo wothira tiyi.

Pa 1 Okutobala 1984 analembedwa ntchito kumalo oyeretsera madzi a zonyansa, kumene tonse timangoti ku suweji. Manyazi a banja lathu anayambira pamenepa, tisabise. Munthu akatifunsa kumene achemwali amagwira ntchito tinkati ku madzi, n'kusintha nkhani msanga. Amayi enieniwo tsiku lina anawafunsa kuti, "Kuphunzira konse kuja kuti uzikatakasa zimbudzi za anthu?" Malemu anaseka n'kuyankha kuti, "Amayi, otakasawo alipo, ndi antchito anga. Ine ndimangowalondera kuti asafe."

Antchito awowo anali mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Ndiloleni ndifotokoze ntchitoyi, popeza ife apabanja sitinafune kuimva iwo ali moyo. Kumalo kuja kuli matanki akuluakulu amene amapopedwa mpweya usana ndi usiku. M'matankimo muli matope ofiirira, ndipo m'matopemo ndimo mumakhala tizilomboti. Ntchito yake ndi kudya zonyansa zonse zimene inu ndi ine timatumiza kumeneko, kuti madzi akamatsikira kumtsinje akhale atayera. Tizilomboti tikafa, malo onse aja amasanduka dzenje wamba. Tsono fakitale iliyonse ikafuna kuyamba kugwiritsa ntchito mankhwala atsopano amene adzathere m'mapaipi, inkayenera kudikira kaye kuti malemu awayeze ngati sadzapha antchito awo.

Kayezedwe kake ndinakaona ndi maso anga kangapo. Ankatunga matope amoyo m'thanki, n'kuwagawa mofanana m'mabotolo asanu ndi atatu ondandalika pa tebulo. Botolo lililonse ankalipatsa chakudya chofanana. Loyamba ndi lomaliza sankathiramo mankhwala, kuti akhale ndi poyerekezera. Mu enawo ankathira mankhwala ayezedwewo, pang'ono mu ili, ochulukirapo mu linalo, mpaka kumapeto. Akatero ankapopera mpweya m'mabotolo onse kwa maola atatu, kenako ankaviika kachipangizo koyezera mpweya mu lililonse, wotchi ili m'manja, kuti aone mmene tizilombo tikupumira. Tizilombo tathanzi timamaliza mpweya msanga. Tikadwala, mpweya umangokhala osatsika. Akaona botolo limene kupuma kwatsika ndi theka, ankalemba kuti malire ndi amenewo, fakitale isadutse pamenepo. Nthawi yowerengayo munthu sunkawalankhula, ngakhale utabwera ndi uthenga woti nyumba ikupsa.

Panali lamulo limodzi loposa onse. Woyeza azipita yekha ku fakitale, atsegule diramu ndi manja ake, atunge yekha, amate botolo, asaine pa fomu pamzere wolembedwa kuti wotunga. Malemu anasunga lamulo limeneli zaka makumi awiri ndi zinayi. Mabwana ena ankawatumizira mabotolo otunga kale, atakulunga bwino ndi tikalata taulemu, ndipo iwo ankawabweza osatsegula.

Pa 8 Ogasiti 1987 anakwatiwa ndi alamu anga akhala apawa, atelala, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, akazi awiri ndi wamwamuna mmodzi. Ine anali atanditenga kale kuchokera kwa amayi kuti ndiziphunzira ndili kwa iwo, moti alamu anakwatira mkazi wokhala kale ndi mwana wa ndevu zomera. Yunifolomu yanga anasoka ndi alamu, homuweki ankaona ndi achemwali. Malemu ankanditcha Wayilesi, ati chifukwa ndinalibe potsekera. Inu amene mwandimva ndikuyendetsa maukwati mukudziwa kuti sananame.

Mu 1996 ndinayamba ntchito pa fakitale yonika nsalu, ndipo mu 2007 anandikweza kukhala kapitawo. Chikondwerero chake anaphikira ndi malemu, kunyumba kwawo. Tsopano tafika pa chaka chija.

Mu Januwale 2009 ndinauza mabwana anga kuti tisinthe mankhwala otsukira matanki ndi mapaipi, popeza akale sankachotsa ndere bwinobwino. Anandimvera, ndipo madiramu anafika malemu asanayeze, chifukwa ndinali nditatsimikizira mabwanawo kuti za chilolezo asade nazo nkhawa, woyeza ndi mlongo wanga. Ndinanena modzitama, atandizungulira anthu. Patapita masiku ochepa, diramu imodzi inadontha kuseri kwa fakitale, madzi ake n'kutsikira mu ngalande. Pofika tsiku lachiwiri ngalande ija inali itayera mbee, ndere zonse zitapsa, achule amene ankatisokosera atasowa. Ndinaima pamenepo ndekha ndipo ndinadziwa. Munthu amene wakulira m'nyumba ya achemwali sakanalephera kudziwa zimene mankhwala otere akachite ku matanki awo.

Chimene ndinayenera kuchita chinali chapafupi: kupita kwa mabwana n'kunena kuti ndinalakwitsa. Koma ndinaopa kugwa nkhope, ndinaopanso kuti ukapitawo wa zaka ziwiri uthera pomwepo. Lachiwiri pa 10 Febuluwale, tsiku limene malemu anayenera kubwera kudzatunga, kunacha ndi mvula yamphamvu. Galimoto ya kuntchito kwawo inali ku galaja, ndipo mwendo wawo unali utatupa, popeza matenda a shuga anali atayamba kale. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinalawirira ku fakitale, ndinatunga kapu imodzi ya mankhwala, n'kuthiramo makapu asanu ndi anayi a madzi a pampopi. Ndinadzaza botolo, n'kulimata bwinobwino monga ndinkawaonera iwo akuchitira, ndipo ndinawapeza pakhonde pawo akulimbana ndi ambulera. Ndinati, "Achemwali, mungavutikirenji ndi mwendo umenewu? Ndakutungirani kale." Anayang'ana botolo, anayang'ana ine. Anafunsa funso limodzi lokha, kuti, "Watunga m'diramu mwenimweni?" Ndinayankha kuti inde.

Munthu amene anabweza mabotolo a mabwana kwa zaka zonsezo analandira botolo la mwana amene anamulera. Anakayeza mwa dongosolo lonse, maola atatu, wotchi m'manja, ndipo tizilombo tinapuma bwino, popeza zimene tizilomboto tinapatsidwa zinali pafupifupi madzi okhaokha. Pamzere wa wotunga analembapo dzina lawo. Chilolezo chinatuluka pa 16 Febuluwale, ife tinatsuka matanki athu onse sabata yomweyo n'kutsegulira madzi ake m'mapaipi.

Pofika pa 25 Febuluwale matope a ku suweji anali atada, akuyandama pamwamba, thovu likusefukira m'mbali mwa matanki. Zotsatira zake simufunika kukumbutsidwa. Masabata asanu ndi awiri anthu ankadya atatseka mawindo. Sukulu ya kufupi ndi malowo inatseka kwa masiku khumi. Amayi olima masamba m'mbali mwa mtsinje anazula mbewu zawo n'kutaya, popeza panalibe wogula, ndipo ndikuona ena mwa iwo akhala kumbuyoko. Ana angapo anagonekedwa m'chipatala chifukwa chotsegula m'mimba. Mulungu anatichitira chifundo kuti sipanafe munthu.

Pa 19 Malichi akuluakulu a kuntchito kwawo anakhala pansi kufufuza. Woyeza wina anatunga m'diramu yomweyo ndipo anapeza kuti mankhwalawo akupha tizilombo ngakhale utathira kadontho. Akuluakulu aja anafunsa malemu katatu kuti anatunga botolo loyamba ndani, ndipo katatu konse anayankha kuti, "Ndine, siginecha mukuionayo ndi yanga." Akuluakuluwo anagamula kuti mwina sanayeze n'komwe, manambala anangophika. Fakitale yathu inangouzidwa kusiya mankhwalawo, popeza inali ndi chilolezo m'manja. Ine mabwana anandiyamikira kuti ndinatsatira ndondomeko, ndipo ndinawerama n'kulandira kuyamikirako.

Malemu anachotsedwa m'labotale n'kutumizidwa ku sefa, pamene madzi a zonyansa amalowera. Ntchito ya pamenepo ndi kukoka nsanza, mapulasitiki ndi zina zosatchulika ndi chipangizo chonga leki, utavala magambuti. Akanatha kusiya ntchito, koma sanasiye. M'masabata omwewo, pamene panafunika kukatenga matope amoyo kumalo ena oyeretsera madzi kuti matanki adzukenso, anapempha kukwera nawo galimoto maulendo onse anayi, chifukwa madalaivala sankadziwa kuti matopewo amafa akakhalitsa opanda mpweya. Matanki anadzuka mu Epulo. Dzina lawo silinatchulidwe paliponse.

Mwezi womwewo wa Epulo tinakumana kunyumba kwa amayi kukambirana za nkhaniyi, ndipo amene analankhula kwambiri ndinali ine. Apa ndi pamene ndikuvutika kukweza mutu. Ndinaimirira pamaso pa amayi, abale anga ndi alamu, n'kunena kuti achemwali aviika dzina la banja mu suweji, ndipo ife ena tikulephera kuyenda mumsewu. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, mwina kuposa paukwati uliwonse. Malemu anakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo manja ali pamiyendo, akundiyang'ana. Nditamaliza anapepesa kwa amayi n'kunyamuka. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma ine sindinathere pakudya. Ndinaimanso n'kumawaseka kuti akupotedwa.

Amayi anamwalira mu 2012 akukhulupirira kuti mwana wawo woyamba, amene anamumenyera nkhondo kuti aphunzire, anali waulesi ndi wabodza. Alamu anathawidwa ndi makasitomala ena. Ana awa ankafika kusukulu anzawo atagwira mphuno. Wamng'onoyu anamenyana ndi mnzake mpaka kuimitsidwa sukulu sabata imodzi, ndipo amene anaitanidwa kudzamulangiza za khalidwe ndinali ine, malume wake. Mu 2015, paukwati wa mwana wanga, ndinakonza ndekha mokhalira ndipo malemu ndinawaika tebulo la kumapeto, pafupi ndi khomo la kukhitchini, kuti apongozi asafunse zambiri. Anabwera ndi mphatso, anakhala pomwe ndinawaikapo, anathandizanso kutsuka mbale. Wayilesi ija inkalankhula paliponse, koma mawu anayi okha, oti botolo ndinasungunula ndine pepani, anaikanika zaka khumi ndi zisanu.

Anagwira ntchito ya ku sefa zaka zisanu ndi zitatu osajomba, mpaka anapuma pa 31 Malichi 2017. Anzawo andiuza dzana kuti achinyamata a m'labotale ankazemba nthawi ya nkhomaliro n'kukawaonetsa manambala awo kuti awaonere ngati ali bwino, ndipo iwo ankavula magolovesi, n'kusamba m'manja, n'kuwaonera. Mwina anzawowo anazindikira kale zimene ife apabanja tinakana kuona. Atapuma anadzipereka ku mpingo, kumene anali mlembi wa amayi, ndi kulera zidzukulu.

Matenda a shuga anakula mu 2023 ndipo anagwira impso. Anagonekedwa m'chipatala pa 29 Epulo chaka chino. Lamulungu pa 12 Meyi ndinapita kukawaona masana, ndipo anatuma alamu kukagula madzi akumwa ngakhale botolo la madzi linali lodzaza pambali pawo. Titatsala awiri anandiuza kuti sabata imene matanki anafa, iwo anatenga zotsala za m'botolo langa n'kuyerekeza ndi za m'diramu, ndipo anadziwa tsiku lomwelo. Tsiku lija ndinkalankhula kwa amayi, anali akudziwa kale. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati, "Ana ako anali aang'ono, komanso amayi akanataya ana awiri m'malo mwa mmodzi." Ndinayamba kulira ndi kupepesa, ndikunena kuti mlandu wonse ndi wanga, koma anandidula. Anati, "Ayi, usawonjezere, iwe umakonda kuwonjezera. Changa chilipo chimodzi. Ndinasaina kuti ndatunga ndine pamene sindinatunge. Chimenecho ndi changa, usandilande. Zinazo ndi zako."

Ndiye ndikunena monga anayezera eni ake. Malemu analakwa kamodzi: analandira botolo m'manja mwa mlongo wawo ndipo anasaina pamzere umene sanayenere kusaina. Sanaphike manambala, sanachite ulesi, anayeza mokhulupirika zimene ndinawapatsa. Amene anapha matanki, amene ananunkhitsa tauni, amene anazulitsa masamba a amayi akhala kumbuyowo, ndine.

Sanandipemphe kuti ndiulule. Koma anakhala moyo masabata ena atatu, ndipo m'masabata amenewo ndikanatha kuitana banja kuti amve ndi makutu awo dzina lawo likuyeretsedwa. Tsiku lililonse ndinkati mawa, akapezako bwino. Anatisiya Lolemba pa 3 Juni 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 62, alamu ndi mwana wawo woyamba ali pambali pawo.

Dzulo masana ndinapereka kalata yofotokoza zonsezi kwa akuluakulu a kuntchito kwawo, kuti ikaikidwe mu failo yawo, ndipo chimene angandichite ndilandira. Kenako ndinaitana alamu ndi ana kuchipinda n'kuwauza. Alamu anangodzuka n'kukakhala panja. Mwana woyambayu ndiye anayankha. Anati, "Amalume, munawanyoza pagulu. Musatipepese kuchipinda." N'chifukwa chake mwamva zimene mwamvazi pamalo pamene simunaziyembekezere.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi abale awo atatu, achimwene awiri ndi achemwali mmodzi. Wachinayi ndine, ngati ana adzalole kundiwerengera. M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino amene anawasamalira masabata asanu, amayi a mpingo amene sanasowe kuchipatala ngakhale tsiku limodzi, anansi amene atipatsa mipando ndi malo, achinyamata amene akonza kumanda, ndi anzawo a ku suweji amene abwera ambiri chonchi ndipo apempha kuti bokosi anyamule ndi iwo. Banja lavomera. Munawalemekeza pamene ife a magazi awo tinkawabisa, nyamulani.

Patsala mawu omaliza amene wowerenga mbiri aliyense amatsekera, ofunira malemu mpumulo. Ndawanena pamaliro ambiri osavutika. Lero sakuyenera kutuluka pakamwa panga, chifukwa mtendere umene achemwali anayenera kukhala nawo ali moyo ndinawalanda ndine. Ndikupempha inu nonse, amene mulibe nawo mlandu wonga wanga, kuti muwanene m'malo mwanga, mokweza, ana awa amve. Ine ndikhala chete. Abusa, tsogolerani anthu anene kuti mzimu wawo uuse mumtendere.